Tsiku Limene Tushar Anapambana Nkhondo ya Bilu

1. Pansi pa ambulera yofiira

Pageti la koleji ina mumzinda wa Nagpur panabwera munthu watsopano. Anali mnyamata wovala tayi, atakhala pansi pa ambulera yaikulu yofiira, makhadi a ngongole atawayala patebulo ngati wogulitsa tomato. Dzuwa la ku Nagpur limawotcha ndi osalakwa omwe, koma iyeyu tayi sankamasula.

Tushar Wankhede anali m'chaka chachiwiri pakolejipo, akuphunzira zamalonda. M'kalasi ankakhoza bwino ndithu. Vuto lake linali la m'thumba. Anzake akapita kukamwa tiyi ndi kudya samosa ankangolozetsa foni kwa wogulitsa, basi alipira. Iye ankatulutsa tindalama tachitsulo n'kumatisankha pachikhatho, mpaka anamupatsa dzina loti Chenji. Ankaseka nawo, koma dzinalo linkamupweteka.

"Bwana, taimani pang'ono," anatero wa tayi uja Tushar akudutsa.

Chibadwire, Tushar anali asanaitanidwepo bwana. Anaima.

"Chenji, tacheuka," anatero mnzake Farhan. "Mwina bwanayo ali kumbuyo kwako."

Wa tayi sanataye nthawi. Ananyamula khadi limodzi n'kuligwira m'mphepete ndi zala ziwiri. "Ili ndi la anthu oyenda. Mukafika pabwalo la ndege simukhala pabenchi ndi gulu ayi. Mumalowa m'chipinda cha olemekezeka, tiyi waulere, mipando yofewa. Mukalemba lero, tikupatsani ndi chikwama cha kumsana."

"Uyu ndege amaiona ikamadutsa pamwamba pa nyumba yawo," anatero Farhan. "Mulibe la anthu okwera basi?"

"Mumalandira zingati pamwezi, bwana?"

Apa Tushar anayang'ana nsapato zake. Ndalama yomwe ankapeza inali yophunzitsa masamu ana awiri a pafupi ndi kwawo, ndipo inkathera m'mabasi ndi m'mabuku.

"Palibe vuto," anatero wa tayi, kumwetulira osasiya. "Ophunzira tili nalo lawo. Munthu wa kwanu amasungitsa ndalama kubanki kwathu, imakhala chikole, inu n'kulandira khadi. Ndalamayo sitiikhudza n'komwe, imangogona."

Tushar anapita kwawo ali mwee, kapepala ka zithunzi kali m'thumba. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo siuzidwa.

2. Chimene chinagona pansi pa khadi

Amayi a Tushar, a Sulabha, ankasoka mabulauzi ndi kupinda masari, nsalu zazitali zimene akazi a kumeneko amavala, pakhonde la nyumba yawo. Bambo anamwalira Tushar ali ku pulayimale. M'nyumbamo munali ndalama imodzi yokha yomwe inkagona kubanki, ndipo aliyense ankaidziwa dzina: ya ukwati wa Mrunal, mlongo wake wamkulu wa Tushar. Denga linadonthapo, makina osokera anathyokapo, koma ndalama imeneyo sinakhudzidwe.

Tushar anayala nkhani yake mwaluso. Anati malipiro a mayeso masiku ano amafuna khadi, ndipo kubwereka la aneba chaka chilichonse n'kochititsa manyazi. Anati wolipira bwino amapanga mbiri kubanki, ndipo mbiri imeneyo idzamuthandiza akadzafuna ngongole ya maphunziro apamwamba. Zonsezi zinali zoona. Za dzina la Chenji sanatchule.

Amayi anangotuma uthenga kwa mlongo wawo, a Vasant.

Amalume a Vasant anapuma pantchito yoyendera matikiti m'sitima. Kwa zaka zambiri ankamva mabodza a anthu okwera opanda tikiti, moti bodza ankalimva fungo lisanatuluke pakamwa. Anafika, anamwa tiyi, anawerenga kapepala kaja mpaka tizilembo tating'ono ta kumapeto, kenaka anavula magalasi.

"Mphwanga, sendera kuno," anatero. "Khadi sindikukuletsa. Ndi chida, ndipo chida sichilakwa. Koma umve. Khadi limeneli si ndalama yako. Ndi dzanja la banki limene lalowa m'thumba lako, ndipo dzanja la banki silituluka lopanda kanthu. Ndalama yapepala ikamachoka umaimva, chikwama chimapepuka, mtima umadandaula. Khadi limatuluka n'kubwerera m'thumba lili chimodzimodzi, iwe n'kumati palibe chachitika.

"Mwezi ukatha adzakuuza mokoma kuti lipirani kangachepe kokha, zotsalazo musade nazo nkhawa. Mbuna ili pamenepo. Zotsalazo zimaswana kuposa makoswe a ku siteshoni. Ndiye ugule chokhacho chimene ndalama yake uli nayo kale, kapena ukudziwa kumene ichokere. Ulipire yonse, tsiku lisanakwane. Usakatape nalo ndalama pamakina, chifukwa chiwongoladzanja chake chimayamba kuthamanga iwe usanafike ndi pakhomo pomwe. Nambala yachinsinsi usauze munthu, ngakhale ine amene.

"Chomaliza ndi ichi. Usaiwale chimene chagona pansi pa khadili. Ukalephera kulipira, banki sidzabwera kudzakukalipira. Idzangotembenuka mwaulemu n'kudula pa ndalama ya ukwati wa mlongo wako. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu."

"Ndamva, amalume."

"Onse okwera opanda tikiti ankatero."

Mrunal, amene ankamvetsera akusita yunifolomu yake ya kusitolo ya mankhwala, anaponyapo lake. "Ukadya ndalama ya ukwati wanga, udzavala sari iweyo n'kukakwatiwa m'malo mwanga."

"Tai, ndikhulupirireni," anatero Tushar, poti Tai ndi mmene ankamuitanira mlongo wake wamkuluyo.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndidula gawo limodzi lokha, la ophika zakudya. Ndakukhulupirira."

Kubanki anapita atatu. Amalume anafunsa mafunso mpaka mayi wa pakauntala anapempha madzi akumwa. Kodi khadili limalipiritsa pachaka? Chiwongoladzanja n'chotani? Ukachedwa tsiku limodzi chilango n'chiyani? Khadi la ndege lija linagwa pa funso loyamba lomwe. Anasankha wamba, losalipiritsa pachaka, lokhala ndi malire a marupi 20,000, ndalama za kumeneko.

Pa zonsezi amalume anapambana, kupatula chinthu chimodzi. Mayi uja anafunsa kuti akufuna la mtundu wanji, lotuwa kapena lagolide, mtengo wake ndi umodzi. Amalume akupukuta magalasi, Tushar anali atayankha kale.

3. Khadi loyabwa

Miyezi iwiri yoyamba Tushar anachita zinthu zoti amalume akanamulembera kalata yaumboni. Analipira mayeso, anagula buku limodzi, ndipo ngongole yonse anaibweza tsiku lisanakwane.

Koma ukoma wotere suoneka ndi anthu. Mayeso analipirira pafoni ali yekha m'chipinda. Buku anagula kwa mkulu wina amene khadilo sanaliyang'ane n'komwe. Atapita nalo kwa wogulitsa tiyi wa pageti, analibweza. "Kuno makina tilibe, mwana wanga. Chenji ulibe?"

Farhan anaseka mpaka tiyi anamutulukira m'mphuno.

Choncho khadi lagolide linkangokhala m'thumba, likuyabwa. Tushar ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti alitulutse pagulu, anthu alione.

4. Malamulo a nkhondo

Tsikulo linabwera Lamulungu lina masana. Zokambirana za ukwati wa Mrunal ndi Aniket Pendharkar zinali zitayenda bwino, ndipo bambo a Aniket, eni sitolo yaikulu ya matailosi, anaitana banja la a Wankhede kuti akadyere limodzi kuhotela.

Anakwera anayi m'kagalimoto ka matayala atatu, Tushar atapanikizika pakona, bondo limodzi lili panja. Amalume anaona kuti iyi ndi nthawi yabwino yophunzitsa.

"Mphwanga, lero ukaona nkhondo ya bilu, ndiye udziwe malamulo ake. Atiitana ndi a Pendharkar, olipira ndi iwo. Izi akuzidziwa iwo, tikuzidziwa ife, akuzidziwa ndi woperekera zakudya yemwe. Koma bilu ikabwera sitingakhale manja lende ngati tabwera kudzadyera anthu. Ndidzaimirira ine, ndidzagwira chikwama, ndidzati sizingatheke. Iwo adzandigwira dzanja. Ndidzakana kachiwiri, mwamphamvu, mwina ndidzalumbirako pang'ono. Kachitatu ndidzagonja, nkhope ili yachisoni ngati ndaberedwa. Akatero iwo apeza ulemu wolipira, ife tapeza ulemu woyesa, aliyense apita kwawo wokhuta."

"Nanga ngati tikudziwa kale wolipira, tikulimbiranji?" anafunsa Tushar.

"Ukamafunsa munthu kuti muli bwanji, umakhala ukufunadi kumva matenda ake onse?"

Mrunal anaseka. Amayi ankakonza sari yawo yabwino, imene inkatuluka m'bokosi pa zochitika zazikulu zokha.

"Iwe ntchito yako ndi yochepa," anapitiriza amalume. "Ndiwe mwamuna wa m'nyumba muja, ndiye uike dzanja m'thumba kuti aone kuti unaleredwa. Lilowe pang'onopang'ono. Koma dzanja la mwana limalowa m'thumba, silitulukamo. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Amalume anamuyang'ana cham'mbali, koma anali atafika kale pahotela.

5. Azakhali achifundo

M'hotelamo munkazizira moti Tushar anayamba kulisowa dzuwa lija. A Pendharkar anali atanena kuti abwera ndi banja lochepa. Banja lochepalo linadzaza tebulo lalitali mbali zonse: azakhali, amuna awo, asuweni, ndi agogo ena amene palibe anawafotokoza.

A Pendharkar anali munthu wamimba ndi wamawu, wokonda kuitanitsa. Sankayang'ana mitengo. Ankangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Izi bweretsani ziwiriziwiri." Kunabwera nkhuku ya tsabola, nyama ya mbuzi, mpunga wa biriyani, buledi wopyapyala wotentha, ndi timbale tina tambirimbiri timene Tushar sankatidziwa mayina. Aniket ankangoyang'ana mbale yake, nthawi zina Mrunal, kenaka mbale yakenso.

Tushar anakhala pakati pa Ketaki, mlongo wake wamng'ono wa Aniket, ndi azakhali ena otchedwa a Shalini, ovala zibangili zagolide mpaka m'zigongono.

"Akuti mumaphunzira zamalonda," anatero Ketaki. "Ndiye za ndalama mumazidziwa bwino."

"Pang'ono," anayankha Tushar, akukonza kolala.

A Shalini anali munthu wachifundo, ndipo chifundo chawo chinali chaphokoso. Anamuwonjezera nyama m'mbale asanamalize yoyamba.

"Idya, mwanawe, usachite manyazi. Kwanu zoterezi n'zosowa, tikudziwa." Kenaka anatembenukira kwa mnzawo n'kunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kukhitchini. "Wamasiye uyu. Mayi ake ndi aja osoka mabulauzi. Koma ndi anthu aukhondo ndithu."

Amayi a Tushar anamva. Sanadzutse mutu, anangoika supuni pansi mwakachetechete. Tushar anawaona. Anakwiya, anachita manyazi, ndipo anamvera chisoni amayi ake, zonse nthawi imodzi.

6. Nkhondo

Bilu inabwera m'kachikwama kachikopa. Woperekera zakudya anaiika pakati pa tebulo n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kamakina kolipirira kali m'manja. Anali munthu wamkulu amene anaonapo nkhondo zotere zambiri.

Amalume anadzambatuka, dzanja lili pachikwama. "Sizingatheke. Ife a kuchikazi tilipo, inu mulipire? Anthu adzatiseka."

"A Vasantrao, khalani pansi," anabangula a Pendharkar, akuwatchula a Vasant mwaulemu, atawagwira pamkono. "Mwaitanidwa ndi ine. Mukufuna kundinyoza pamaso pa abale anga?"

"Ndisiyeni dzanja, a Pendharkar. Ndikulumbira, sindidzadyanso nanu."

"Ndiye mudzafa ndi njala, chifukwa simulipira."

Inali nkhondo yokongola. Akuluakulu awiriwo anagwirana manja onse awiri, akukankhana uku ndi uku, mipando ikukhwekhwereza. Kapu ya madzi inagwa. Agogo aja anadzuka kutulo n'kuyamba kuonerera. A pamatebulo ena sanacheuke n'komwe, poti nawonso nkhondo zawo zinali kubwera.

Tushar anaika dzanja m'thumba, pang'onopang'ono, monga anauzidwira. Zala zinakumana ndi khadi.

"Taonani kamwanaka," anatero a Shalini mokoma mtima. "Nakonso kakufufuza m'thumba. Siya, mwanawe, sunga ya basi."

Dzanja linatuluka.

Kunena zoona, Tushar sankafuna kulipira. Ankangofuna kukweza khadilo m'mwamba kuti golide wake awale pamaso pa a Shalini, kenaka wina amugwire dzanja monga mwa mwambo. Koma ogwira manja onse anali otanganidwa kugwirana okhaokha. Woperekera zakudya uja anali ndi matebulo ena omudikira, ndipo pa zonse zimene zinkagwedezeka patebulopo, chimene chinamufika pafupi chinali khadi la Tushar. Analilandira, analilowetsa m'kamakina, n'kumutembenuzira.

"Nambala yanu yachinsinsi, bwana."

Tushar anayang'ana pagalasi la kamakinako. Marupi 19,000. Anayang'ananso, poganiza kuti mwina ziro mmodzi ndi dontho la msuzi. Sanali msuzi.

Mpata wothawira unalipo, ndipo anauona bwinobwino. Akanatha kunena kuti nambala waiwala. Akanatha kuseka n'kulanda khadi lake. Mrunal anaponya mwendo pansi pa tebulo kuti amutchinge, koma unakafikira Aniket, amene anangoti "mayo" chapansipansi n'kupitiriza kuyang'ana mbale.

"Ndi lagolide," ananong'ona a Shalini, ndipo ulendo uno kunong'onako kunali kwenikweni.

Ketaki anali akumuyang'ana. Asuweni onse anali akumuyang'ana. Tushar anadina manambala anayi.

Kamakina kanaganiza pang'ono, kenaka kanalavula kapepala.

Nkhondo inaima. Amalume ndi a Pendharkar anatsala atagwirana manja ngati ovina amene nyimbo yawathera pakati.

"Zalipiridwa," anatero woperekera zakudya, n'kubweza khadi ndi manja awiri.

Anayamba kuseka ndi a Pendharkar. Anaseka mpaka misozi, anazungulira tebulo, n'kumumenya Tushar pamsana mwachikondi moti anatsala pang'ono kugwera mu biriyani. "A Vasantrao, mwandibisira msilikali. Zaka zonsezi palibe anandigonjetsapo pa bilu, lero ndagonja kwa mwana wasukulu."

Amalume anamwetulira. Kumwetulira kwake kunali kwa mano okhaokha.

Kwa kanthawi Tushar anamva kukoma kosaneneka. A Shalini anamufunsa ngati angafune tiyi, ndipo anamutchula kuti "inu". Potuluka, mlonda wa pakhomo anamuchitira sawasha.

7. Chikwama cha amalume

Kukomako kunatha atangokwera kagalimoto kobwerera. Tushar anayamba kuwerengera mumtima ndalama imene amapeza pophunzitsa ana aja, ndipo anaona kuti ngakhale atasiya kukwera basi n'kumayenda wapansi, bilu ija siingathe pofika tsiku lolipira.

Kenaka nzeru inamubwerera. "Amalume, palibe chaonongeka kwenikweni. Inu mumafuna kulipira. Mungondipatsa zomwe mukanalipirazo, ine ndikabweze kubanki."

Amalume anatulutsa chikwama chija, chomwe chinamenya nkhondo yonse ija, n'kuchitsegula pamaso pake. Munali ndalama ya kagalimoto aka, chiphaso chakale cha kusitima, ndi mapilisi a shuga.

"Ndinali nditatsala pang'ono kugonja," anatero amalume, mawu akunjenjemera ndi chisoni. "Kukankha kumodzi kokha. A Pendharkar chala chinali chitalowa kale m'chikwama, ndinachiona ndi maso angawa. Nkhope yachisoni ndinali nditaikonza kale. Ndamenya nkhondo zimenezi kuyambira iwe usanabadwe, kwa akuluakulu a kusitima, kwa apongozi anga, kwa madokotala, ndipo sindinapambanepo ngakhale kamodzi. Lero mbiri yanga yonse waigwetsa ndi zala zinayi."

"Ndinkangofuna kuti aja asatinyoze."

"Anatinyoza ndi mawu aulere, iwe wawayankha ndi ngongole. Wapindula ndani? A Shalini akhuta, apita kwawo, mawa adzakhala ataiwala ndi dzina lako lomwe. Banki siidzaiwala."

"Ndikhoza kumalipira kangachepe kaja mwezi ndi mwezi, mpaka..."

Amalume anamuyang'ana, ndipo Tushar sanamalize.

"Ophika anga wawadyera kuhotela," anatero Mrunal, akuyang'ana kunja. Ankayesa kuti zimveke ngati nthabwala, koma sizinamveke choncho.

Amene ankamuopsa kwambiri Tushar anali amayi, chifukwa sanamuyang'ane n'komwe njira yonse.

8. Foni

Atafika kunyumba, amayi anavula sari yabwino ija, anaipinda, n'kuibwezera m'bokosi. Anakakhala pamakina awo osokera, koma sanapalase. Tushar anaima pakhomo.

"Amayi, ndalakwa."

"Ndinamva zimene ananena mayi aja," anayankha modekha. "Ine ndimasokadi mabulauzi. Sananame. Mabulauzi omwewo ndi amene anasonkhanitsa ndalama imene wagwetsera pangoziyi. Ine sindinachite nawo manyazi. Wachita nawo manyazi ndiwe."

Mawu amenewa anamupweteka Tushar kuposa onse a amalume. Anatsegula pakamwa kuti alonjeze ana ena oti aziwaphunzitsa, ntchito ya Loweruka, chilichonse. Asanayambe, foni ya amayi inalira.

Anali a Pendharkar. Munthuyo sankafuna chokuzira mawu, nyumba yonse inkamumva.

"Mayi Wankhede, ndati ndithokoze. Koma ndikudandauleninso, mwatibisa. Ife tinkayenda nanu mosamala, tikuti mayi wamasiye tisamulemetse. N'chifukwa chake tinavomera kaholo kakang'ono kaja ka kuseri kwa msika, ngakhale akazi anga analira usiku wonse. Lero taona ndi maso athu. Nyumba imene mwana wasukulu amalipira bilu yotere osaphethira ndi nyumba yokhazikika. Nawonso achemwali anga a Shalini akuti inu ndi anthu odzichepetsa kwambiri."

Amalume anakhala pansi pang'onopang'ono. Mrunal anagwira chitseko.

"Ndiye takambirana kuno," anapitiriza a Pendharkar mosangalala. "Kaholo kaja tikasiye. Titenge holo ija ya kapinga ndi magetsi a m'mitengo, kuti tiitane ndi onse amene tinawadula pamndandanda. Mwini wake ndi mnzanga, watisungira mpaka Loweruka. Tipite limodzi mukapereke ya chiyambi. Musavutike kunyamula ndalama, amalandira makhadi. Mungobwera ndi msilikali wathu uja."

Amayi anatseka foni ndi chikhatho. Anayang'ana Mrunal, amene maso anali atadzaza misozi, poti Aniket ankamukondadi. Kukana kukanatha kuoneka ngati chipongwe kwa apongozi, ndipo kuvomera kunali kulonjeza ndalama imene kunalibe. Kenaka anayang'ana mwana wawo wamwamuna.

"Ine ndilibe mawu owayankha," anatero. "Amene akumudziwa kuti ndi wolipira m'nyumba muno ndiwe. Auze wekha chimene chili pansi pa khadi lako."

Anamutambasulira foni.

Tushar anayang'ana kwa amalume. Amalume anapinda manja. Nkhondo iyi sankamenyera munthu.

Tushar anailandira foniyo ndi manja awiri. Kumbali inayo a Pendharkar anali akufunsabe mokondwa kuti Loweruka abwere kudzawatenga nthawi yanji.